M'mawa Umene Palibe Anakuwa

Ine ndimaimba. Ndikamasesa ndimaimba, ndikamachapa ndimaimba, ngakhale pokalipira nkhuku mawu anga amathera m'kanyimbo, moti nkhukuzo sizindiopa n'komwe. Amuna anga amati anakwatira wailesi yosatha mabatire. Koma m'mawa umene ndikufuna kunena pano, nyimbo inandiumira pakamwa, gwa, ngati tsamba la fodya loiwalika m'chigafa.

Kwathu ndi kumadzulo kwa boma, kupitirira kwa Chulu, kumene minda imakathera pa waya wa nkhalango. Kuseri kwa wayayo kuli njovu. Timakhala nazo ngati anansi osapatsana moni, ife tikudziwa kuti zilipo, izo zikudziwa kuti tilipo. Chilimwe chikakhwima, madzi akauma uko, mango akayamba kununkhira kuno, zimatuluka. Zimadziwa pamene waya wafooka.

Kale zikatuluka, mudzi unkadziwa usanasukusule. Woyamba kuona mapazi, kaya ndowe yofuka nthunzi panjira, sankathamangira kunyumba kwake ayi. Ankaima pomwepo n'kukuwa. Ndipo kukuwako sikunali kungolira, kunali ndi mawu ake: ukunena kuti njovu, ukunena kumene zili, ukunena kothawira. Womva ankalandira n'kuponya patsogolo, wina pakamwa, wina ndi chitini, wina ndi khasu ndi mwala, ngwe ngwe ngwe, mpaka mfuu uja wawoloka dambo, wakwera tsidya lina, wakafika kwa anthu amene sitiwadziwa ndi mayina omwe. Ndiye kukakhala zii, ziiyo inkanena kanthu. Inkanena kuti njira ili bwino, pitani. Amuna anga chikwatirane chathu sanatsikirepo kudimba asanayambe aima pabwalo, mutu atapendeketsa, kumvetsera. Makutu awo ndi akuthwa mpaka lero, amamva ngakhale ndikuwajeda chapansipansi kukhitchini. Akamva kuti kuli zii, amanyamula makeni awo othirira n'kumapita.

Timakhala ndi mdzukulu wathu, mwana wa mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Lilongwe. Mtsikana wa Fomu 2, wamtali ngati bango, woseka ndi mano onse. Agogo ake aamuna amamutcha mkazi wawo wamng'ono, ndiye ine ndimamutcha mkazi mnzanga, ndipo timalimbirana tsiku ndi tsiku kuti madzi osamba awaperekera ndani. Mayi ake atamutumizira foni, ija yagalasi yopalasa ndi chala, amene anavina ndine. Ndinaiika pamphasa, ndinaizungulira katatu, ndinailulutira ngati mkwatibwi. Ndinkati basi, mawu a mwana wanga ndiziwamva m'mawa ndi madzulo. Ndinkawamvadi, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, titakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pamene netiweki imapezeka. Koma ndinadzaona kuti foni ija sinabwerere mawu. Inabwerera zala.

Zala zazikuluzo, abale anga. Ine ndasoka fodya moyo wanga wonse, dzanja lachangu ndimalidziwa, koma izi ndinali ndisanazione. Tobwa tobwa tobwa, mutu pansi, khosi lopindika ngati la nkhuku yodwala chitopa. Kudya ndi dzanja limodzi. Kumjigo ndowa kusefukira iye ali pomwepo. Amabwera mnzake, akhala pamphasa imodzi, mapewa kugundana, osayankhulana, kenako onse awiri aseka nthawi imodzi. Ndikafunsa kuti chaseketsa n'chiyani kuti nanenso ndiseke, amati palibe agogo. Tsiku lina ndinati tandionetsa palibeyo. Anandionetsa. Ine sukulu yanga ndi ya kwacha, ndimawerenga chala chili pansi pa mawu, koma mamesejiwo amathamangira m'mwamba ngati linthumbu, usanamalize yoyamba yachisanu yafika kale. Anandiuza kuti ali ndi gulupu, ana onse a sukulu yawo, a tsidya lino ndi a tsidya lija, ali m'menemo. Mbuzi ikasowa zimayambira m'menemo, mpira ukasintha tsiku zimayambira m'menemo, ndi maliro omwe.

Sindinadane nazo. Ndinkaseka, ndinazipekera nyimbo yake ya zala zokwatiwa ndi galasi, iye n'kumati agogo mwayambapo. Chokhacho, mudzi unayamba kuchepa mawu. Ana kale ankaitanizana kuchokera pakhomo mpaka kudambo, dzina limodzi kulikoka ngati chingwe. Zimenezo zinatha osatsanzika. Ndinawauza amuna anga kuti mudzi wakhala ngati chipatala, iwo anati ndi bwino, tulo ta masana tayamba kukoma. Tonse awiri sitinaganize kuti zii wa masiku ano si zii uja tinkamudziwa.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinali ndi nazale ya fodya kudimba, mabedi atatu, mbande zili timakutu ta mbewa pansi pa udzu. Mbande za msinkhu umenewo ukazimana madzi m'mawa umodzi, madzulo ukazipeza zapsa. Dimba lathu lili kumunsi. Ukachoka pakhomo umatsika, kudzanja lamanja kuli bwinja, pamene panali mudzi wa makolo athu ndipo panatsala mitengo ya mango yokhayokha. Njira imalambalala bwinjalo, pakati pali tchire. Ukapitirira umafika pamabedi, kenako chitsime, kenako bango ndi matope, kenako tsidya lina.

Kunja kutangoyamba kuyera amuna anga anatuluka. Ndili m'nyumba ndinawamva ataima pabwalo monga mwa masiku onse. Ndinawamva akudutsa pakhonde pamene mdzukulu anali atakhala kale, atafunda chitenje, nkhope ikuwala ndi kagalasi kaja. Anamufunsa kuti mkazi wanga mwadzuka bwanji, iye anayankha bwinobwino, mwaulemu, ndi kaya inu agogo yemwe. Kenako makeni, gwede gwede gwede, kutsika, kutsika, mpaka osamvekanso.

Ine ndinatenga tsache. Ndinasesa kuseri, ndinasesa kukhola, ndikuimba. Dzuwa linatuluka lofiira ngati diso la munthu wolira. Nditafika kutsogolo kwa nyumba ndi pamene ndinaona kuti njira ilibe munthu. Nthawi imeneyo pamadutsa ana a yunifolomu, pamadutsa njinga za tomato, pamadutsa anyamata a ng'ombe. Tsiku limenelo mbee. Agalu athu awiri anali atalowa pansi pa nkhokwe, michira m'mimba. Ndinayang'ana pakhonde, mtsikana ali pomwe paja, osasamba, zala zili pantchito.

"Mkazi mnzanga, lero sukulu yakusudzula?"

"Lero sitipita agogo, kuli njovu."

Ananena osadzutsa mutu, monga munthu amanenera kuti mchere watha. Ndinafunsa kuti kuti. Anati kubwinja, m'mango. Ndinafunsa kuti chiyambire liti. Anati chilirire tambala woyamba, wina anaziona n'kuponya chithunzi pagulupu. Anatembenuza foni kundionetsa. Mawu sindikanawerenga koma mtengo ndinaudziwa, uja wa nthambi ziwiri pamene panali khitchini ya mayi anga. Pansi pake panali misana yakuda. Ndinawerenga ndi chala, zazikulu zisanu, ndi kamwana kamodzi pakati pa miyendo.

Tsache linagwa lokha.

"Agogo ako aamuna ali kuti?"

Apo ndi pamene anadzutsa nkhope. Ndinaona nkhani ikumufika, inayambira m'maso, inatsikira pakamwa, milomo inachita mbuu. Anayang'ana pamene pamakhala makeni. Anayang'ana njira ya kudimba.

Njovu ikafuna kukhala chete imaposa mphaka. Amuna anga anali atazidutsa chapafupi, tchire lokha pakati, osadziwa. Tsopano zinali pakati pa iwo ndi ife. Ndipo aliyense wobadwira kuno amadziwa chimene njovu imachita ikakhuta mango dzuwa likayamba kutentha. Imatsikira kumadzi. Madzi a m'dambo lathu mwezi umenewo anali atatsala pamalo amodzi, pachitsime chimene amuna anga ankatungapo.

Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga chitini ndi mthiko. Ndisanamenye, mtsikana anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, foni inagwera m'fumbi, koyamba kuiona pansi chibwerere. Anati agemu, alonda a nkhalango aja, auzidwa kale, akubwera, ndipo anena kuti tsidya lino pasamveke phokoso, chifukwa zikadzidzimuka kuno zithamangira kumunsi. Ndinafuna kumukankha. Koma ankanena zoona, ndipo zoonazo ndinazidziwa ndisanamere mawere: njovu imathawira kumene kulibe phokoso. Ndikanamenya chitini chija ndikanazipirikitsira kwa amuna anga ndi dzanja langa lomwe. Ndinaima pakati pa bwalo, chitini kuno mthiko kuno, ngati wamisala wa pamsika.

Ndinati ndiye ndipita ndekha ndikawatenge. Anandikumbutsa kamwana kaja. Njovu ya mwana simaidutsa kawiri. Ndinafunsa kuti nanga amuna a mphamvu m'mudzi muno ali kuti. Anati ena atsekera m'nyumba, ena akwera kumsewu kukadikira agemu. Amenewo ana awo anawauza. Wina aliyense ankayesa kuti mnzake wa nyumba inayo wamva kale, popeza nkhani inali pagulupu chilirire tambala. Ife tinali ndi mwana wa foni m'nyumba momwemo, koma sitinamve.

Anatola foni ija, anaipukuta pachitenje. Anati ali ndi mnzake tsidya lija, uja amakhala naye pamphasa, ndipo kwawo ndi pamtunda, dambo lonse limaoneka. Kuimbirana pakhomo pathu sikumveka, mawu amaduka, mameseji okha ndi amene amadutsa. Zala zinayamba. Sindinazisekenso, ndinkazipempherera kuti zifulumire. Yankho linabwera. Mnzakeyo anali atakwera pangolo ya bambo ake, akuona zonse.

Chibwerere foni ija mdzukulu wanga anali asanandiwerengerepo meseji ndi imodzi yomwe. Tsiku limenelo anandiwerengera onse.

"Akuti akuwaona, avala chipewa choyera. Akuti akuthirira bedi lapakati." Anadikira. "Akuti apita kuchitsime, awerama, msana alozetsa kumtunda." Anadikira. "Akuti yaikulu yatuluka m'mango. Akuti zinazo zikutsatira."

Ndinati muuze akuwe. Tsidya lija ndi kumene phokoso likufunika, zikamva kumeneko zibwerera kumtunda, ndipo agogo ako amva kothawira. Muuze akuwe ndi mphamvu zake zonse. Zala zinathamanga. Tinadikira. Njiwa inkalira mumtengo wa pabwalo, ndinafuna kuigenda.

"Akuti akuwe kuti chiyani?"

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Anabwereza. Kenako inabwera meseji ina, akuti wayesa koma mawu sakutuluka, akuti akuopa kuti zimuona. Mtsikana wamkulu, wotha kulemba ndi zala ziwiri osayang'ana, ataima pangolo, akuona munthu ndi njovu zikuyandikirana, osadziwa chokuwa. Sindikumunena mwanayo. Akanamva kwa yani? Zaka zonsezi nkhani zinkamufikira m'manja, osati m'makutu.

Ndiye ndinakumbukira agogo ake aakazi a mwana wa pangoloyo. Ndi mnzanga wa paubwana, tinavina limodzi chimtali tili ndi ziuno, tinabatizidwa tsiku limodzi, ndipo mawu ake kale ankathyola dambo pakati. Ndinafunsa kuti ali kuti. Akuti ali m'nyumba, akuswa mtedza wa mbewu. Ndinafunsa ngati akudziwa. Akuti sanawauze, amaopa kuti bipi iwakwera.

"Lemba chonchi," ndinatero. "Tsika pangolopo, lowa m'nyumba, uwauze agogo ako ndi pakamwa. Unene kuti watuma ndine, ndipo amuna anga ali pachitsime."

Analemba. Kenako zii.

Zii ameneyo sindidzamuiwala. Kunalibe mphepo. Thukuta linkatsika m'msana ngati nyerere. Ndinkamva mtima wanga, ndinkamva mtsikana akumeza malovu, ndinkamva malata a nyumba akuthetheka ndi dzuwa. Ndinayesa kupemphera, mawu a pemphero anandithawa, ndinangotsala ndi dzina la amuna anga, lija sindilitchula pagulu, ndikulitembenuza m'kamwa.

Kenako mfuu unamveka. Poyamba kanali kamawu kowonda, kosweka, ngati chitseko chakale. Kanaduka. Kanayambanso, ndipo ulendo wachiwiri kanapeza njira yake, kanakula, kanatambasuka pamwamba pa bango ponse.

"Njovu kumtundaaa, thawirani kutsidyaaa!"

Anali mnzanga. Anawaitana amuna anga ndi mfunda wawo, katatu, kuti adziwe kuti mfuuwo ndi wawo. Wina analandira chakumpoto, mayi wokalambanso. Wina chakumwera, bambo wa chifuwa. Kenako zitini, kenako makasu, ngwe ngwe ngwe, tsidya lonse lija linadzuka. Ndinatchera khutu kufuna kumva mawu a mwana pakati pawo. Munalibe. Anali mawu a nkhalamba zokhazokha, zimene zinamva nkhaniyo nthawi yomweyo ngati ine.

Njovu inalira. Amene sanaimvepo aganize lata latsopano likung'ambidwa pakati ndi manja. Agalu pansi pa nkhokwe anakodza.

"Akuti zatembenuka," anawerenga mtsikana. "Akuti zikubwera kuno." Anapuma. "Akuti imodzi sinatembenuke. Akuti agogo ataya makeni, alowa m'bango."

Ndinati kenako? Anati palibe. Ndinati lemba. Analemba, analembanso, anakwera pachulu, anakweza foni m'mwamba ngati akuionetsa kwa Mulungu. Anati mameseji sakufika. Tinadzamva pambuyo pake kuti foni ya mnzakeyo inazima, batire inatha, popeza anali akuitobwanya chilirire tambala. Koma nthawi imeneyo sitinkadziwa. Tinkangodziwa kuti diso lathu la tsidya lija latsinzina, amuna anga ali m'bango, ndipo imodzi sinatembenuke.

Tinalowa m'nyumba chifukwa nthaka inayamba kunjenjemera. Ndinasuzumira pamng'alu wa zenera. Zinadutsa m'mphepete mwa mudzi, fumbi lili kobo, fungo lake ngati khola lonyowa. Zinagwetsa nthochi zanga osaima n'komwe, ina inatsamira nkhokwe ya anansi athu n'kuisiya itagwada. Ndinawerenga ndi chala pagalasi la zenera. Zazikulu zinayi, ndi kamwana. Ndinawerenganso. Zinayi.

Agemu anafika dzuwa likuyandikira pamutu, ndi mfuti zawo, anatsika kudambo. Tinamva kuwomba kawiri, kenako kamodzi. Atabwerako mmodzi anadzaima pakhomo panga, chipewa chake m'manja. Anati aombera m'mwamba, yotsalayo yalowa m'tchire. Anati mabedi apondedwa onse. Anati apeza makeni awiri, lina laphwatalala ngati mbale, ndi chipewa choyera. Munthu sanamuone, bango ndi lalitali, akubwereranso kukafufuza. Anayankhula bwino mwana wa eni ake, koma maso ankayang'ana pansi.

Posakhalitsa amayi anayamba kufika. Ankabwera mmodzimmodzi, osaodira, n'kukhala pansi m'mphepete mwa khonde, miyendo atatambasula, manja pamiyendo. Kakhalidwe kameneko ndimakadziwa, ndakhalapo choncho pamakomo a anzanga. Foni ya mtsikana inalira, anali mayi ake ku Lilongwe, kulira kokhakokha kukuduka ndi netiweki. Wina anali atalemba kale pagulupu kuti agogo aja atisiya, ndipo nkhani inali itafika mumzinda ife eni ake tisanaone ndi nsapato yomwe. Ndinaimirira. Ndinawauza amayi aja kuti pakhomo pano palibe wokhala choncho, amene akufuna kukhala apinde miyendo ngati mlendo, apo ayi adzipita. Ena anapinda. Ndinayesa kuyambitsa nyimbo kuti ndiwaonetse, koma inatuluka ngati mtondo wopanda chimanga. Ndinaisiya.

Dzuwa litapendeka, ana a pamsewu anayamba kuloza. Kunkabwera njinga kuchokera njira yaitali, ija yozungulira pamlatho. Wopalasa anali mwana wamwamuna wa mnzanga wa tsidya lija. Pakaliyala panali chinthu chakuda, chamatope kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, chopanda chipewa, chopanda nsapato, chitagwira m'chiuno mwa wopalasa ngati mwana wopita kusikelo. Maso okha ndi amene anali oyera. Maso amenewo ndawaona m'mawa uliwonse chichokere utsikana wanga.

Nthungululu inatuluka yokha, sindinaitume. Ndinavina pabwalo chitenje mpaka kumasuka, ndinavina ndi mawondo omwe aja amandikaniza kugwada kutchalitchi. Nyimbo inabwera yonse nthawi imodzi, ndinaipeka pomwepo, yoti madala anga njovu yawakana, yati mafupa okhaokha, yati bwererani kwa akazi anu akakunenepetseni kaye. Amayi aja anabwera kudzalira anaimirira n'kulandira, fumbi la pabwalo linakwera kuposa la njovu. Wopalasa njinga anatifotokozera kuti atamva mfuu sanatembenuke n'komwe kuti aone, anangolowa m'bango monga mawu ananenera, matope mpaka pachifuwa. Njovu inawatsatira, inafika pamene nthaka imamira, inaponda kamodzi n'kubweza phazi. Inaima pamenepo ikukupiza makutu, iwo ali chigonere m'matope pafupi pomwepo, misundu ikuwayamwa, osagwedezeka mpaka mfuti zitalira. Kenako anakwawira tsidya lija, kumene mnzanga anawamwetsa thobwa iye mwini mawu atamuthera.

Anthu onse ankaseka. Amuna anga sanaseke. Anakhala pampando wawo pakhonde, ndinawaikira mapazi m'beseni la madzi ofunda, ndinayamba kuwachotsa minga ndi singano yosokera fodya. Anthu anapita mmodzimmodzi mpaka tinatsala atatu. Mtsikana anali ataima pakhomo la khitchini, anali asanayandikire chifikire iwo. Anamuitana. Sanati mkazi wanga.

"Mwana iwe, unadziwa nthawi yanji?"

Anagwada patali pang'ono. Anati chilirire tambala woyamba.

"Ndinakudutsa pakhonde pano. Unandiyankha moni."

"Ndimayesa mukudziwa, agogo. Aliyense amadziwa."

"Aliyense ndani?"

Mtsikana anaweramitsa mutu. Misozi inkagwera pachitenje. Iwo sanakweze mawu, bola akanakweza. Anati iwo anaima pabwalo apo, anaufunsa mudzi monga amaufunsira masiku onse, ndipo mudzi unawauza kuti pitani. Mtsikana anadzutsa nkhope, osamvetsa. Anafunsa kuti anaufunsa bwanji mudzi. Ndinamuuza ine kuti akamaima pabwalo m'mawa amakhala akumvetsera ngati kuli wokuwa. Anandiyang'ana, anawayang'ana iwo.

"Ine ndimayesa mumapemphera."

Singano inaima m'manja mwanga. Mwana tamulera kuyambira akukwawa, wawaona ataima pamenepo m'mawa uliwonse wa moyo wake, ndipo panalibe tsiku limene ine kapena iwo tinamuuza chimene amaimira. Tinkayesa aliyense amadziwa. Ndinafuna kunena zimenezo mokweza koma ndinaona kuti amuna anga azimva kale, chifukwa anatsitsa maso m'beseni.

Foni inanjenjemera pamiyendo pa mtsikana. Sanaigwire. Inanjenjemeranso. Anaibisa ndi dzanja ngati chinthu chakuba.

"Werenga," anatero amuna anga.

Anawerenga. Akuti yotsala ija sinabwerere ndi zinzake. Akuti yaoneka m'nthochi za kuseri kwa mjigo.

Anamufunsa kuti nanga m'mudzi muno amene wauzidwa ndani. Anayamba kunena kuti zili pagulupu, koma mawuwo anamuthera pakati. Tonse atatu tinayang'ana kunjira. Inali nthawi imene dzuwa limafewa, nthawi imene ife a mawondo olira timapita kukatunga chifukwa pamjigo pamakhala popanda mzere. Patali ndithu, kupitirira khola la anansi, alamu anga aakazi, amasiye okhala okha opanda mdzukulu m'nyumba, ankayenda pang'onopang'ono, ndowa yobiriwira pamutu, kulunjika kumjigo.

Mtsikana anaimirira. Anathamangira kumapeto kwa bwalo, anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali kamawu ka mwanapiye, sikanafike ndi pakhola pomwe. Ndowa inkapitabe. Ndinasiya singano m'beseni, ndinakaima kumbuyo kwake, ndinaika dzanja pamsana pake. Ndinati usatenge pakhosi, tenga m'mimba, ngati ukukweza mtolo wa nkhuni. Nena chinthucho, nena kumene chili, nena kothawira.

Anakoka mpweya, ndinaumva ukudzaza pansi pa dzanja langa.

"Njovu kumjigooo, bwererani kumudziii!"

Anasweka pakati mawuwo, koma anafika. Ndowa yobiriwira inaima panjira. Inakhala kanthawi itaima. Kenako inatembenuka.